Kemo ndi kuthothoka kwa tsitsi: zochita kuyambira diripi yoyamba mpaka tsitsi litameranso

Munthu akauzidwa kuti ayamba kulandira mankhwala a khansa a m'diripi, amene ambiri amangoti kemo, funso la tsitsi silichedwa kubwera. Yankho lake lagona pa mtundu wa mankhwalawo. Choncho musanachoke m'chipinda cha dokotala, pemphani kuti akulembereni zinthu zitatu m'buku lanu la kuchipatala: mayina a mankhwala, maulendo amene mudzalandire, ndi masiku amene azidutsa pakati pa ulendo wina ndi unzake. Ambiri amalandira kamodzi pa masiku 21 aliwonse, ena pa masiku 14, ena sabata iliyonse. Mukadziwa zimenezi mutha kutenga kalendala n'kulemberatu sabata imene tsitsi liyambe kugwa, masiku amene chitetezo cha m'thupi chidzatsike, ndi masiku amene mphamvu zidzabwerereko pang'ono. Zambiri za kemo zimabwera pa nthawi yodziwika, ndipo wodwala amene wakonzekeratu savutika ngati amene zamudzidzimutsa.

Chifukwa chake tsitsi limagwa

Kemo amasaka maselo amene amachulukana mofulumira, poti ndimo mmene khansa imakulira. Koma m'thupi muli maselo ena abwinobwino amene nawonso amachulukana mwachangu: a m'mizu ya tsitsi, a m'kamwa ndi m'matumbo, ndi a m'kati mwa mafupa momwe magazi amapangidwa. Monga khasu popalira limakhudzako ndi chimanga chomwe, mankhwalawa amakhudzanso maselo amenewa. Pamutu pa munthu pamakhala tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo nthawi ina iliyonse tsitsi 85 mpaka 90 pa 100 lililonse limakhala lili m'kati mokula. Mankhwala akafika pa muzu, tsitsi lotulukalo limapyapyala n'kuduka. Muzuwo sufa, umangoima kaye, n'chifukwa chake mwa anthu ochuluka zedi tsitsi limadzameranso.

Mankhwala amene amagwetsa tsitsi lonse kapena pafupifupi lonse ndi doxorubicin, uja wofiira amene amaperekedwa mumtsempha, epirubicin, paclitaxel, docetaxel, etoposide, ifosfamide, ndi cyclophosphamide akaphatikizidwa ndi anzake. Amayi a khansa ya m'mawere amene akulandira doxorubicin ndi cyclophosphamide, zomwe madokotala amalemba mwachidule kuti AC, ayembekezere mpala. Chimodzimodzi odwala lymphoma, khansa ya mwanabele, amene ali pa mankhwala ophatikiza otchedwa CHOP. Odwala Kaposi sarcoma, khansa yoonekera kawirikawiri pakhungu, yofala kwambiri ku Malawi ndi ku Zambia, akapatsidwa paclitaxel tsitsi limagwa ndithu, pomwe amene ali pa bleomycin ndi vincristine ambiri limangochepa. Cisplatin, amene amaperekedwa kawirikawiri kwa amayi a khansa ya khomo la chiberekero, nthawi zambiri amangopyapyalitsa tsitsi, ndipo fluorouracil ndi capecitabine nawonso ndi choncho. Chithandizo chowotcha khansa ndi makina chimagwetsa tsitsi pamalo pokhapo pamene akuwotchapo. Wowotchedwa m'chiuno tsitsi la kumutu silikhudzidwa.

Kugwa kapena kusagwa kwa tsitsi sikuonetsa ngati mankhwala akugwira ntchito. Ena amada nkhawa poona anzawo pamzere ali ndi mpala iwo tsitsi lili bwinobwino, n'kumaganiza kuti akupatsidwa mankhwala ofooka. Ayi ndithu. Zoti mankhwala akugwira amazidziwa ndi dokotala poyeza chotupa ndi pojambula.

Sabata yachiwiri ndi yachitatu

Tsitsi siligwa tsiku la diripi. Kawirikawiri limayamba pakati pa tsiku la 14 ndi la 21 kuchokera pa ulendo woyamba. Masiku angapo lisanayambe, khungu la kumutu limanyerenyetsa, limayabwa kapena kuwawa ngati mwalukitsa mokoka kwambiri, moti ngakhale kutsamira pilo kumapweteka. Kenako mumapeza tsitsi pa pilo, pa kolala, m'chipeso, m'beseni losambira. Likayamba limafulumira, ndipo pofika ulendo wachiwiri kapena wachitatu ambiri amakhala latha. Nsidze, tsitsi la m'zikope, ndevu, la m'khwapa, la m'mphuno ndi la kumaliseche limatsatira mochedwerako, mwina cha kumapeto kwa chithandizo.

Ntchito yaikulu igwiridwe diripi yoyamba isanachitike kapena m'sabata yoyamba. Masulani mesh, wivi ndi maluko onse. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, poganiza kuti kuluka kugwira tsitsi kuti lisagwe. Tsitsi limaduka pa muzu ndithu, koma m'malo mogwa pansi limakodwa m'malukomo, limapotana ndi thukuta ndi mafuta n'kupanga chimtolo cholimba chomamatira ku khungu, chimene sichipesekanso ndipo pochidula munthu amamva ululu. Kulemera kwa mesh nakonso kumakoka mizu imene yafooka kale. Siyaninso mankhwala owongola tsitsi, kudaya, ndi chipeso chamoto. Mankhwala owongolawa amawotcha khungu ngakhale kwa munthu wabwinobwino, ndipo kabala kakang'ono pamutu pa munthu wa kemo kamachedwa kupola.

Amene ali ndi madiredi angathe kuwadula adakali olimba n'kuwasunga. Telala kapena woluka waluso amawasokerera m'mphepete mwa chipewa kapena pa kansalu komanga kumutu, ndipo munthu amaoneka monga ankaonekera kale.

Kameteni bwanji

Palibe lamulo lakuti mumete. Koma ambiri amapeza kuti kumeteratu kumachepetsa kuwawa kwa khungu, komanso kumapewetsa chisoni choona tsitsi likugwa m'manja tsiku ndi tsiku. Ena amayamba n'kulifupikitsa kuti abale azolowere nkhope, kenako n'kumaliza.

Gwiritsani ntchito makina ometera oika kachipeso kotsogolo, nambala 1 kapena 2, zomwe zimasiya tsitsi la mamilimita 3 kapena 6. Lezala ayi, ngakhale yatsopano. Lezala imacheka khungu, ndipo tsitsi lathu lopotana likametedwa mpaka pakhungu limamerera m'kati n'kutulutsa tizilonda tamafinya, timene kwa munthu wochepa chitetezo tingasanduke matenda aakulu. Nthawi yabwino ndi masiku asanu ndi limodzi oyamba, chifukwa kuyambira tsiku la 7 mpaka la 14 asilikali a m'thupi amakhala atatsika kwambiri. Ngati mukukametetsa kwa ometa, makinawo atsukidwe ndi sipiriti inu mukuona, ndipo wometayo asachite zokonza m'mphepete ndi lezala monga amachitira masiku onse. Kuli bwino kubwereka makina kuti wachibale akumeteni kunyumba.

Ena safuna kuti tsitsi lawo litayidwe poyera. Limeneli si vuto: yalani nsalu pansi, sonkhanitsani tsitsilo, mukalitaye m'chimbudzi chokumba kapena kulikwirira monga mtima wanu ukufunira. Tsitsilo lilibe khansa ndipo silingadwalitse munthu.

Kusamala mutu wopanda tsitsi

Khungu la kumutu silinazolowere dzuwa, mphepo kapena kukhudzidwa. Litsukeni ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wa ana kapena wina aliyense wosanunkhira kwambiri. Sopo wochapira zovala ndi wa mankhwala opha majeremusi amaumitsa khungu mpaka kusweka. Musakhule ndi chinkhupule kapena mwala. Pakani ndi chikhatho, tsukuluzani, ndipo pukutani mogunditsa thaulo osati mokwecha. Mukatero dzolani mafuta osanunkhira pang'ono chabe, monga Vaseline wamba kapena mafuta a kokonati. Mukachulutsa mafuta n'kuvala duku pamwamba kunja kukutentha, timabowo ta pakhungu timatsekeka ndipo nsungu zimatuluka. Ngati mukuwotchedwanso kumutu ndi makina, musadzole chilichonse musanafunse a kumeneko.

Tiziphuphu tofiira, toyabwa kapena tamafinya tikaoneka, musatifinye. Kaonetseni kuchipatala. Dzuwa la mu Okutobala limawotcha mutu wa mpala ngakhale khungu likhale lakuda chotani, ndipo mankhwala ena monga fluorouracil ndi methotrexate amachititsa khungu kupsa msanga. Potuluka panja valani chipewa kapena duku, ndipo ngati mungapeze mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa, dzolani kumutu, m'makutu ndi kukhosi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi vuto limatembenuka: mutu wopanda tsitsi umazizidwa kwambiri usiku, choncho gonani ndi kachipewa kofewa kopanda msoko wokanda.

Tsitsi la m'mphuno likatha, mamina amangotuluka okha ndipo fumbi limalowa mosavuta. Yendani ndi kampango. La m'zikope likatha maso amalowa fumbi n'kumatuluka misozi. Magalasi a dzuwa amathandiza, makamaka pa kabaza kapena pamsewu wafumbi. Zikope zomata ndi guluu zisiyeni kaye. Nsidze mutha kujambula ndi pensulo yake: imikani pensulo m'mbali mwa mphuno molunjika m'mwamba, pamenepo ndi poyambira, ipendeketseni kuchoka pamphuno kudutsa pakati pa diso, pamenepo ndi pokwera, ipendeketseninso kufika pangodya yakunja ya diso, pamenepo ndi pothera. Jambulani timizere tating'onoting'ono m'malo mwa mzere umodzi wokhuthala. Zodinda nsidze ndi singano zidikire mpaka mankhwala atatha.

Duku, chipewa ndi wigi

Kwathu kuno mayi wovala duku sadabwitsa munthu, ndipo uwu ndi mwayi. Chovuta n'chakuti duku pamutu wa mpala limaterereka. Sankhani nsalu ya thonje, chifukwa zonyezimira za nayiloni zimaterera ndi kutenthetsa. Chitenje chatsopano chichapidwe kawiri kuti chifewe, apo ayi chimakanda khungu. Dulani nsalu ya masentimita 90 mbali zonse zinayi, ipindeni pakati kuchokera ngodya ina kufika inzake kuti ikhale ya nsonga zitatu. Mbali yaitaliyo ikhale pachipumi, zala ziwiri pamwamba pa nsidze, ikuphimba nsonga za makutu. Nsonga ziwiri za m'mbali zipite kumbuyo, muzimange pamwamba pa nsonga yachitatu, kenako yachitatuyo muipindire m'kati mwa mfundo. Mukafuna kuti mutu uoneke wodzaza, valani kaye kachipewa ka thonje m'kati, kapena ikani kansalu kopindapinda pa liwombo. Kachipewako kamamwanso thukuta ndi kugwira duku kuti lisasunthe.

Tisheti yakale ya thonje imapanga chovala cha kumutu chabwino kwambiri popanda kusoka. Iduleni mopingasa m'munsi mwa manja kuti mutsale ndi chigawo cha m'munsi chozungulira. Mpendero wake uike pachipumi, nsalu yotsalayo ipite kumbuyo, muipotoze kamodzi, kenako chozungulira chimene chapangikacho muchibweretse kutsogolo n'kuchiveka pamutu.

Wigi mugule tsitsi lisanagwe ngati mukufuna yofanana ndi maonekedwe anu, koma kumbukirani kuti mutu umachepa tsitsi likachoka. Yezani ndi tepi ya telala kuzungulira kuchokera pachipumi, kudutsa pamwamba pa makutu, kufika pankhongo. Akuluakulu ambiri amapeza masentimita 54 mpaka 57. Sankhani yokhala ndi timalamba tosinthira kukula m'kati. Tizipeso ta m'kati mwa wigi timafuna tsitsi logwirapo, ndipo pa mpala timangokanda, choncho tichotseni. Guluu womatira wigi musagwiritse ntchito. M'kati valani kachipewa ka thonje. Wigi ya kaunjika ichapidwe ndi kuumitsidwa bwino musanaivale.

Chenjezo limene ogulitsa satchula: wigi ya ulusi wa pulasitiki imasungunuka ndi moto. Kuweramira mbaula, kukoleza moto pa mafuwa kapena kuvundukula mphika wa nthunzi kumakwinyitsa tsitsi la kutsogolo, ndipo silibwereranso. Pophika valani duku. Pochapa wigi, iviikeni m'madzi ozizira a sopo wochepa kwa mphindi zisanu, tsukuluzani osafinya, muiyanike pamthunzi itavekedwa pa botolo lalikulu. Ndipo mutu upumeko: mukakhala m'nyumba vulani zonse.

Abambo ambiri amangometa n'kuvala kapusi, nkhani n'kutha. Chimene chimawadzidzimutsa ndi kutha kwa ndevu ndi nsidze, poti nkhope imasintha kwambiri kuposa mmene mpala umasinthira.

Za zipewa zoziziritsa mutu

Amene akulandira chithandizo ku Britain kapena m'zipatala zina zolipira ku South Africa angauzidwe za chipewa choziziritsa mutu, cha makina monga Paxman kapena DigniCap. Chimavalidwa pafupifupi mphindi 30 diripi isanayambe, nthawi yonse ya diripi, ndi kanthawi ndithu itatha. Kuzizirako kumafinya timitsempha ta pakhungu kuti mankhwala ofika ku mizu achepe. Chimathandiza kwambiri pa paclitaxel ndi docetaxel kusiyana ndi pa doxorubicin, sichiperekedwa kwa odwala khansa ya m'magazi kapena lymphoma, ndipo pa tsitsi lopotana lokhuthala chimavuta kugunda khungu bwinobwino, choncho maluko ayenera kumasulidwa ndipo tsitsi linyowetsedwe n'kugonekedwa. Kuika madzi oundana m'jumbo pamutu kunyumba sikufanana nazo. Kuzizira kwake sikukhazikika ndipo kungapsereze khungu. Palibenso mafuta, mavitamini kapena zitsamba zimene zimaletsa tsitsi kugwa pa kemo, choncho ndalama zanu zisungireni thiransipoti ndi chakudya.

Pakamwa pa anthu

Mutu wometa kwathu umakumbutsa maliro, ndipo munthu akaonda, tsitsi n'kutha, anthu amayamba kunong'onezana: wina akuti ndi matenda aja, wina akuti walodzedwa, wina akuti mankhwala a kuchipatala ndi amene akumumaliza. Mawu otsirizawa ndi oopsa kuposa onse, chifukwa ndi amene amachititsa mabanja kuletsa wodwala kubwerera kukalandira ulendo wachiwiri kapena wachitatu. Khansa imene inayamba kuchepa imakulanso, ndipo pobwerera mochedwa imakhala yovuta kuigwira.

Njira yake ndi kuuziratu anthu ofunika tsitsi lisanagwe: amuna anu kapena akazi anu, wodwazika matenda, ndi wamkulu mmodzi wa kubanja amene mawu ake amamveka. Auzeni tsiku lenileni, kuti pakatha masabata awiri kapena atatu tsitsi lithothoka, adokotala anena kale, ndipo lidzamera mankhwala akatha. Zikachitika monga munanenera, amakhulupirira chipatala m'malo mochiopa. Ngati n'kotheka, wamkuluyo apite nanu ulendo umodzi akamve yekha kwa anamwino. Ana auzidwe mwachidule ndi moona: amayi akumwa mankhwala amphamvu, tsitsi ligwa, lidzamera, ndipo matendawa sapatsirana. Mwana wosauzidwa amadzipekera zoopsa kuposa zenizeni. Mwana amene iye mwini ali pa kemo asankhe yekha chipewa chake, ndipo aphunzitsi adziwitsidwe asanabwerere kusukulu. Anthu ena onse simukuyenera kuwafotokozera. Kungoti ndili pa mankhwala n'kokwanira.

Kulira chifukwa cha tsitsi si kupusa. Koma ngati chisoni chafika poti simukugona, simukudya, kapena mukuganiza zosiya mankhwala, nenani kwa namwino. M'zipatala zazikulu muli anthu a chisamaliro chochepetsa ululu ndi nkhawa, monga a Tiyanjane ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ndipo chithandizo chawo si cha okhawo amene matenda awafika kumapeto.

Choopsa chenicheni ndi kutentha thupi

Sabata imene tsitsi latsala pang'ono kuyamba kugwa ndi yomweyonso imene magazi amakhala atafooka. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, asilikali a m'thupi amatsika, ndipo matenda amene masiku onse thupi likanathana nawo lokha angathe kupha munthu m'maola ochepa. Gulani choyezera kutentha thupi ku famase. Pa zonse zimene mungagule pokonzekera kemo, chimenechi ndiye chofunika kuposa wigi. Mukamva kuzizidwa, kunjenjemera kapena kufooka kwachilendo, yezani. Chikaonetsa 38 kapena kuposa, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku kaya ndi Lamlungu, kupita ku chipatala chimene chili pafupi. Musamwe Panado kuti muone ngati kutsike, chifukwa amabisa kutenthako matenda akupitirira m'kati. Musangogula mankhwala a malungo pa golosale.

Mukafika nenani msanga kuti muli pa kemo, tchulani tsiku limene munalandira komaliza, ndipo onetsani buku lanu. Ayeze malungo, inde, koma ayezenso magazi onse, chifukwa wodwala wotere amafunika mankhwala opha mabakiteriya mwachangu, osadikira pamzere. Kupezeka ndi malungo sikutanthauza kuti palibe matenda ena. Thamangiraninso kuchipatala mukaona magazi osasiya m'mphuno kapena m'nkhama, chimbudzi chakuda, kupuma movutikira, kusanza kosalekeza tsiku lonse, kutsegula m'mimba kanayi kapena kuposa pa tsiku, kapena kusokonezeka mutu. Aspirin, ibuprofen ndi diclofenac musamwe osafunsa, poti amawonjezera kutaya magazi ndi kulemetsa impso.

Kupewa kwake ndi kwa masiku onse: kusamba m'manja ndi sopo, kugona m'neti, kumwa madzi owiritsa kapena othira WaterGuard, kudya zakupsa bwino zikadali zotentha, kusenda zipatso, ndi kupewa odwala chifuwa, chikuku kapena katsabola. Pa masiku oopsa aja, maliro ndi misonkhano yothinana mutha kutumako wina. Kukolopa khola la nkhuku kapena la nkhumba agwire ena.

Nseru, m'kamwa ndi madzi

Mankhwala oletsa kusanza monga ondansetron, metoclopramide ndi dexamethasone amwedwe pa nthawi imene mwauzidwa, nseru isanayambe, makamaka masiku atatu oyamba. Kudikira kuti muyambe mwasanza ndiye kulakwitsa kofala. Ondansetron amadzimbitsa, ndipo vincristine amadzimbitsa koposa. Mapapaya, masamba ndi madzi ambiri zimathandiza, koma mukatha masiku atatu osachita chimbudzi kanene. Idyani pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku m'malo mwa mitanda ikuluikulu kawiri. Fungo la mafuta okazinga limautsa nseru, choncho wina aphike inu muli patali, ndipo chakudya chikazizirako fungo limachepa. Phala la Likuni kapena la mgaiwa lothira nsinjiro, mazira owiritsa mpaka kulimba, nyemba, usipa, nthochi ndi mapeyala zimabwezera thupi zimene likutaya. Tiyi wa jinja amathandiza ena. Nsinjiro ndi chiponde zikhale za mtedza wosankhidwa bwino, wopanda chuku.

Zilonda za m'kamwa zimayamba chakumapeto kwa sabata yoyamba. Sungunulani supuni yaing'ono imodzi ya mchere ndi ina imodzi ya soda wophikira, yemwe uja wa therere, mu lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira. Chukuchani mukatha kudya ndi pogona, kanayi kapena kuposa pa tsiku, n'kulavula. Pangani atsopano tsiku lililonse. Mswachi ukhale wofewa. Tsabola, mandimu, mowa ndi fodya zimawonjezera ululu. Zoyera zomata pa lilime zimafuna mankhwala a kuchipatala.

Imwani malita 2 mpaka 3 a madzi pa tsiku, makamaka tsiku la diripi ndi masiku awiri otsatira, pokhapokha dokotala atakuletsani chifukwa cha mtima kapena impso. Cyclophosphamide amapweteka chikhodzodzo mkodzo ukakhalitsa, ndipo cisplatin amalemetsa impso. Mkodzo wofiira kwa tsiku limodzi kapena awiri mutalandira doxorubicin ndi mtundu chabe wa mankhwalawo. Mukatsegula m'mimba imwani Thanzi ORS. Ngati palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osadzaza mosefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino.

Diripi ili m'kati, mukamva kuwotcha, kuluma kapena kuona kutupa pamene pali singano, itanani namwino nthawi yomweyo. Doxorubicin ndi vincristine akatayikira kunja kwa mtsempha amawononga mnofu n'kusiya bala lovuta. Kupirira mwaulemu pamenepa n'kudzipweteka. Zikhadabo, zikhatho ngakhale lilime kuda ndi zofala kwa anthu akhungu lakuda ndipo zimatha pang'onopang'ono mankhwala akatha. Dzanzi m'zala za m'manja ndi m'mapazi, limene limabwera ndi paclitaxel, vincristine ndi cisplatin, linenedwe msanga, chifukwa dokotala angachepetse mlingo lisanakhazikike.

Amene ali pa ma ARV apitirize osadumphitsa, pamodzi ndi Bactrim ngati anapatsidwa, ndipo a ku khansa adziwe mankhwala onse amene mukumwa, a zitsamba omwe. Zitsamba zina zimalemetsa chiwindi pa nthawi imene chili kale pa ntchito yaikulu. Mimba ipewedwe nthawi yonse ya kemo, kaya wodwalayo ndi mayi kaya ndi bambo, ngakhale msambo utasiya. Kondomu igwiritsidwe ntchito makamaka masiku oyamba mutalandira mankhwala, ndipo kuyamwitsa kumayenera kuima. Tsiku la ulendo wotsatira lisaphonyedwe chifukwa mwatopa kapena mukuchita manyazi ndi mutu. Akakubwezani kuti magazi achepa mubwere sabata yamawa, zimenezo zimachitika kawirikawiri ndipo si chizindikiro chakuti zalephereka. Ochokera kutali, monga opita ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, afunse ngati angayezetse magazi pafupi ndi kwawo tsiku limodzi kapena awiri ulendo usanafike, kuti asawononge ndalama ya basi pachabe.

Tsitsi likayamba kumera

Pakatha masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi kuchokera pa diripi yomaliza, pamutu pamayamba kuoneka ubweya wofewa ngati wa khanda. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndipo lopotana limaoneka lochedwa kuposa pamenepo poti limadzipinda. Ambiri mutu umakhala utaphimbika pakati pa miyezi itatu ndi isanu ndi umodzi. Loyambalo lingabwere losiyana: lofewa, lowongoka pang'ono, lopotana kwambiri kapena la imvi, chifukwa maselo opanga mtundu amachedwa kudzuka. Nthawi zambiri limabwerera mwakale pakatha chaka kapena kuposerapo.

Kumeta pafupipafupi sikulikulitsa msanga, ngakhale ambiri amatero. Lisiyeni, muzilipesa ndi zala kapena chipeso cha mano otalikirana lili lonyowa. Mankhwala owongola ndi odaya adikire miyezi yosachepera isanu ndi umodzi, ndipo poyamba yesani pa kachigawo kakang'ono kuseri kwa khutu. Mesh ndi maluko okoka zidikirenso, chifukwa mizu yatsopano ikakokedwa tsitsi la m'mphepete mwa chipumi limatha, ndipo limenelo nthawi zina silibwerera. Mankhwala opaka a minoxidil angafulumizitseko kumera, koma funsani dokotala wanu kaye.

Ikatha miyezi isanu ndi umodzi mutu udakali mpala kapena tsitsi lili patalipatali, kaonetseni. Docetaxel mwa anthu ochepa amasiya tsitsi lopyapyala mpaka kalekale, ndipo kuwotcha kumutu ndi mlingo waukulu kungasiye malo osamera. Koma kawirikawiri pamapezeka chifukwa china chochizika, monga kuchepa kwa magazi kapena vuto la chithokomiro, zimene amazipeza poyeza magazi. Amayi a khansa ya m'mawere amene apitiriza ndi mapiritsi a tamoxifen kapena anastrozole angaone tsitsi likuchepa pa liwombo. Mapiritsiwo asasiyidwe mwa inu nokha, kambiranani ndi dokotala pa ulendo wotsatira.